Amene Anaphunzitsa Chidendene Kuvina

Dzina lakuti Tochi analitola pa ntchito yake yoyamba, ndipo linamukakamira mpaka imvi. Ali mtsikana ankagwira ntchito m'nyumba ya kanema, chinyumba chachitali chopanda mawindo, chonunkha fodya ndi fumbi la m'mipando. Ankaima pakhomo n'kumang'amba matikiti, ndipo magetsi akazima ankaperekeza ochedwa ku mipando yawo, tochi italoza pansi kuti asaponde anzawo. Anthu akatuluka ankatenga tsache n'kusesa makoko a mtedza ndi timapepala ta masiwiti, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo kwa chinsalu choonetserapo filimu.

Filimu imodzi inkaonetsedwa sabata yathunthu, motero Tochi ankaionera mpaka kuiloweza, afune asafune. Za nkhondo ndi za anthu othamangitsana pa mahatchi sankazisamala. Ankangotsamira chitseko n'kumayasamula. Koma analipo mafilimu ena akalekale amene bwana wa kanemayo ankawakonda chifukwa ankabwera motchipa: achikondi, oseketsa, odzaza nyimbo ndi gule. Nkhani yake inkakhala imodzimodzi nthawi zonse. Mnyamata wa suti yakuda wakumana ndi mtsikana wa diresi lalitali, ayambana pa kanthu kopanda mutu, mwina walowa chipinda cholakwika ku hotela, mwina mtsikanayo wamuyesa mwamuna wa mwini. Mtsikana amenyetsa chitseko. Kenako nyimbo iyamba, oimba ake osaoneka kumene abisala, mnyamata atambasula dzanja, ndipo mtsikana uja, nkhope idakali ndwii, miyendo imupereka. Avina pansi ponyezimira ngati pathiridwa madzi, akwera masitepe, atsika, nsapato zikulira ngati mvula yoyamba pa malata, mpaka mkwiyo wonse uthere m'gulemo.

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, anyamata akumbuyo n'kumaimba likhweru. Tochi sankaseka kwambiri, iye ankaonera china. Kwawo, bambo ake ankalankhula ndi amayi ake kudzera mwa ana. "Kawauze amako kuti malaya anga alibe batani," amayiwo ali pomwepo pakhonde. Sanawaonepo awiriwo atagwirana ngakhale chala. Ndiye pachinsalu paja panali mwamuna woti akalakwa amapepesa ndi nyimbo yathunthu, anthu onse akuona. M'nyumba za m'mafilimumo munalibe mbale zakuda, munalibe wodwala, munalibe mwana wolira. Ndipo panali malo amodzi amene ankamuimitsa mtima nthawi zonse: mtsikana akudziponya chagada, tsitsi kutsala pang'ono kusesa pansi, osacheuka n'komwe kuti aone ngati dzanja la mwamunayo lilipo. Linkakhalapo.

Miyendo yake inayamba kuba gule uja yokha. Akamasesa m'mawa, nyumba ili zii, ankatsamiritsa tsache pampando n'kuyesa: chala, chidendene, chala, kutembenuka. Pakati pa chinsalu ndi mipando yoyamba panali kabwalo ka matabwa, ndipo pamenepo ndi pamene panali sukulu yake. Mlonda wa pamalopo, mdala wopanda mano akutsogolo, ankasuzumira n'kupukusa mutu.

"Mwana iwe, tsachelo likakufunsira usakane. Mwagwirizana kale."

Pakhonde la nyumba ya kanemayo pankakhala mnyamata wosoka nsapato, ndi kabenchi kake, nyundo, ulusi ndi chitini cha timisomali. Anali wamtali, wowonda, wa pakamwa potsekemera. Ankatha kumuuza munthu kuti nsapato yake yafa, munthuyo n'kuchoka akuseka. Tsiku lina Tochi anamupatsa nsapato zake zakuntchito. Mnyamatayo anazitembenuza, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, nsapato za anthu zimathera ku chidendene. Zanuzi zathera ku zala. Kodi mumayenda monyang'ama ngati wakuba?"

Tochi anachita manyazi, koma anamuuza za kuvina kwake. Mnyamatayo sanaseke. Mawa lake anam'bwezera nsapato zija atakhomerera tizitsulo kunsi kwake, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: amuonetse mmene zikulirira. Mlonda anamulowetsa. Tochi anavina pa matabwa paja, koyamba kuvinira munthu mwadala. Atamaliza, mnyamatayo anati, "Ndiphunzitseni."

Kumuphunzitsa inali ntchito ya kalavula gaga. Miyendo yake inali ngati ya mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, uliwonse kulowera kwake. Khutu la nyimbo analibe. Ankayamba msanga n'kumaliza mochedwa. Tochi ankamuwerengera ndi pakamwa, kumuwombera m'manja, kumugwira m'chiuno n'kumuzunguliza ngati akusuntha kabati. Iye anamuponda Tochi chala chachikulu mpaka chikhadabo chinada n'kuzuka. Koma mnyamatayo anali wakhama, ndiponso anali ndi chinthu chimene Tochi analibe: nkhope. Tochi akamavina ankayang'ana pansi, milomo ikuwerenga. Mnzakeyo ankayang'ana mipando yopanda anthu ija n'kuimwetulira ngati yadzaza. Pomaliza gule aliyense ankamenyetsa chidendene pa thabwa, manja atatambasula, ndipo mlonda uja ndi amene anamutcha Chidendene.

Mwezi umene anaphunzira kumuwakha Tochi akudziponya chagada ndi umenenso anamufunsira. Amayi ake a Tochi atamuona mkamwiniyo, ndi kuseka kwake kodzaza nyumba, anadikira kuti atuluke.

"Ndi munthu wosangalatsa," anatero akupinda zovala. "Koma wovina, mwanangu, amavinira aliyense amene wakhala kutsogolo."

Tochi anangoti amayi akulankhula za moyo umene sanaulawepo. Anakwatirana, n'kupeza chipinda kuseri kwa galaja, kumene zovala zoyanika zinkanunkha oilo. Loweruka lililonse ankapita ku hotela ina kumene kunkaimba bandi, ndipo awiriwa akalowa m'bwalo ena onse ankadzikokera kumbali n'kuwapatsa malo. Diresi Tochi anasoka yekha, potengera la pachinsalu, lotambalala pansi kuti akatembenuka lizitsalira kumbuyo. Pobwerera ankanyamula nsapato m'manja kuti tizitsulo tisathe, akuyenda chopanda nsapato, akukangana za amene waphonya. Chaka chimenecho anthu ankati awiriwa anabadwira limodzi. Pambuyo pake Tochi sankachikumbukira mokondwa. Ankachikumbukira ngati mmene munthu amakumbukirira tsiku limene anachoka panyumba osakhoma chitseko.

Kenako anatenga pakati. Mapazi anatupa, nsapato za tizitsulo zija zinakana kulowa. Nthawi yomweyo hotela ija inalengeza mpikisano wa gule: opambana adzalandira chikho, adzalembedwanso ntchito yovinira alendo kumeneko. Chidendene sanakhazikikenso pa benchi lake.

"Mwayi sudikira mimba, mayi," anatero tsiku lina akudya. "Pali mtsikana wina amataipa makalata ku ofesi ya hotela. Ndi wopepuka thupi, koma sadziwa kanthu. Mutamuphunzitsa inuyo, chikho n'chathu. N'cha mwana akubwerayu."

Tochi anavomera. Ankatulutsa tebulo ndi mipando panja, iye n'kukhala pabedi, mimba kutsogolo, mapazi m'beseni la madzi, akuwomba m'manja. "Ayi achemwali, osayang'ana mapazi. Mutu m'mwamba. Mukamagwa chagada musaope, akugwirani." Mtsikana wa taipiyo ankamutcha aphunzitsi, n'kumamubweretsera malalanje. Diresi lija Tochi analichepetsa m'chiuno ndi manja ake, analisita, n'kumuveka.

Anapambana. Chikho chinafika kunyumba, chinakhala pawindo masiku ochepa, kenako Chidendene anati abwana a hotela akufuna chikaikidwe m'kabati ya galasi kumeneko. Mwana anabadwa, wamkazi. Benchi la nsapato linapatsidwa kwa wina. Bandi ikaitanidwa ku matauni ena, ovina ankapita nayo; poyamba ankachoka kumapeto a sabata okha, kenako sabata yonse, kenako mwezi. Tochi atapeza mphamvu anatulutsa nsapato zake n'kuzipukuta, koma mwamuna wake anati anthu azolowera kale awiri aja, kusintha kungakwiyitse abwana.

Panalibe ndewu, panalibe kumenyetsa chitseko. Tsiku lina masana Chidendene anabwera kudzatenga suti yake, imene Tochi anali ataisita n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Anaikoleka pamkono, n'kukokanso sutikesi kunsi kwa bedi.

"Ulendo uno ndi wautali," anatero, maso ali pa sutikesiyo.

"Wautali bwanji?"

"Zidalira ntchito."

"Bambo a mwana, tandiyang'anani."

Anamuyang'ana, n'kumwetulira kumwetulira kuja kwa mipando yopanda anthu. Anagwira mwana patsaya, n'kutuluka. Tizitsulo tinamveka pa simenti ya galaja mpaka kukafika kumsewu.

Ku kanema nako ntchito inatha. Bwana anati pakhomo pamafunika mtsikana woti anyamata azibwera kudzamuona, osati mayi wonunkha mkaka. Tochi analowa ntchito pa shopu yochapa ndi kusita zovala, ndipo m'menemo ndi m'mene anakalambira. Chinali chipinda chakumbuyo, cha denga lalifupi, nthunzi tsiku lonse, matebulo oyalidwa mabulangete akale, ndi simbi zolemera zimene zinamusiyira zipsera m'mikono. Ankaimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mawondo anayamba kulira, mitsempha inatuluka m'miyendo ngati mizu ya mtengo. Patebulo pake pankadutsa masuti a akwati ndi madiresi oyera a anthu ena, ndipo iye ankawayala mosamala, osawakhudzitsa pansi.

Hotela ija inkatumiza zovala za antchito ake ku shopu yomweyo. Tsiku lina m'mulu wa zovala munatuluka suti yakuda, ndipo Tochi anaizindikira asanaitembenuze n'komwe. M'thumba lamkati munali chigamba chimene anasoka yekha. Apa ndi pamene anadziwa kuti ulendo wautali uja unathera m'tauni momwemo. Paphewa la jekete panali paudala wa kumaso. Anakweza simbi yotentha pamwamba pa kolala. Mnzake wa patebulo loyandikana, mayi wonenepa wokonda nthabwala, anaona zonse.

"Isiyeni pomwepo, asisi, mupite mukamwe madzi. Ine ndidzanena kuti magetsi anachita misala."

Tochi anaganiza za mwana, ndi za mzere wa amayi amene ankaima pakhomo la shopuyo kufunsa ntchito. Anaisita sutiyo bwinobwino, mizere ya thalauza itathwa ngati mpeni, n'kuipachika. Inkabwerabe kwa zaka ndithu, ndipo ankaisita ndi iye nthawi zonse, chifukwa anzakewo ankaiwononga m'mapewa.

Mwana anakula akudziwa bambo ake pa chithunzi chomata pakhoma la hotela. Kamodzikamodzi Chidendene ankatulukira pa geti la sukulu ndi masiwiti, n'kuwavinira ana pang'ono pafumbi pomwepo, n'kumenyetsa chidendene, onse n'kukuwa. Mwanayo ankabwera kunyumba mapazi osagunda pansi. "Amayi, anzanga akuti bambo anga ndi munthu wamkulu." Tochi sankamutsutsa, komanso sanamuuze kanthu. Ku kanema sanamutengereko ngakhale kamodzi, ndipo pa wailesi pakamveka nyimbo ya malipenga ankapotokola batani msanga. Mwanayo anakula akudziwa kuti amayi ake ndi munthu wouma, wosadziwa zosangalatsa.

Nyumba ya kanema inatsekedwa, inasanduka sitolo ya mipando ndi matiresi. Gule wa suti anatha fasho, achinyamata anayamba zina. Za Chidendene zinkamveka mwa apo ndi apo: hotela yamuchotsa, wa taipi uja wakwatiwa ndi mwini malole, iye akutsegulira anthu chitseko pa malo ena omwera mowa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ankatero obweretsa nkhanizo, akuyembekeza kuti Tochi asekerera. Sankasekerera, ndipo chisoni sankamvanso.

Tochi ali kale ndi imvi, mwana wake ali pabanja ndiponso mphunzitsi wa pulaimale, kunafika mchemwali wake wa Chidendene, amene sanapondepo pakhomo pa Tochi chichokereni mchimwene wakeyo. Anasankha tsiku loti mwanayo ali pomwepo. Anakhala pampando, chikwama pamiyendo, n'kuyamba ndi kuusa moyo.

"Alamu, achimwene ali m'chipatala. Shuga. Awadula mwendo m'munsi mwa bondo. Madokotala akuti atuluke, koma apita kuti? Kwanga n'kochepa, komanso abambo akunyumba ndi ovuta."

"Ndiye mwabwera kwa ine."

"Simunasiyane pa lamulo, alamu. Munthu uja ndi wanu. Zakale n'zakale."

"Anali wanga pamene miyendo inali iwiri? Kapena wakhala wanga lero, poti wina watsala ku chipatala?"

Mlamuyo anayang'ana mwana wa Tochi, ndipo mwanayo anagwada pafupi ndi amayi ake, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, ndi bambo anga. Akagona pamsewu ine ndilipo? Ndizibwera kudzathandiza."

Ndi mlamu Tochi akanalimbana tsiku lonse, koma ndi mwana sakanatha.

Anabwera naye pa njinga ya olumala, atawonda, tsitsi litayera, koma kumwetulira kuli komweko. Atamuona Tochi pakhomo anati, "Mayi, koma ndiye mwakalamba," ndipo onse omuperekeza anaseka. Anatenga mpando wabwino wa pabalaza. Kuthandiza kwa mwana kunakhala kwa Loweruka lokha, poti naye anali ndi banja ndi makope a ana. Koma anagula wailesi ya kanema ndi kamakina koonetsera mafilimu akale aja, kuti bambo asamasungulumwe.

Kupepesa sanapepese. Tochi anadikira sabata yoyamba, mwezi woyamba, kenako anasiya. Ankamusambitsa, kutsuka chilonda, kumuphikira zopanda shuga zimene ankangozikankha ndi supuni, kutaya ndowa m'mawa asanapite ku shopu. Pobwerera, miyendo ikuwawa ngati ya mwini, ankaimva nyimbo adakali pamsewu. Ankamupeza pampando, phazi lotsalalo likugunda pansi, zala zikuvina pa mkono wa mpando, kapu ya m'mawa idakali pomwe anaisiya.

Chimene chinkamupweteka Tochi kwambiri si ndowa ayi. Chinali chakuti mafilimu aja ankawakondabe. Ankayesa kuti zinafa kalekale, koma ali kukhitchini akudula anyezi ankangozindikira kuti zala zakumapazi zikuyenda m'patapata, ndipo akudziwa chimene chikubwera nyimbo isanakhote. Lamlungu lina masana Chidendene anagona filimu ili mkati. Tochi anabwera kuti azimitse, koma anaima pakhomo, nsalu yopukutira mbale ili m'manja. Pagalasipo panali mnyamata ndi mtsikana pa siteshoni, onse atasiyidwa ndi sitima, aliyense akuloza mnzake chala, mpaka mapazi anayamba kukangana m'malo mwa pakamwa. Anthuwo sanakalambe ngakhale tsiku limodzi. Mawondo awo anali omwe aja, pansi pali pee, osaoneka amene amakolopa. Tochi anaonera mpaka mapeto, anaseka poseketsa, misozi inatuluka, ndipo anadzikwiyira ngati munthu amene wabwereranso kwa wogulitsa amene anamunamiza kale. Bodza lake linali lokoma chimodzimodzi.

Kenako kunabwera anthu a wailesi ya kanema amene ankakonza pulogalamu ya ovina akale. Mwana wa Tochi ndi amene anawalondolera, ndipo anafika nawo limodzi. Anasuntha mipando, anayatsa magetsi awo owala, anapempha kuti beseni ndi ndodo zichoke pabalazapo. Chidendene anavala suti yakuda yosita Tochi, mwendo wa thalauza wopanda kanthuwo ataupinda n'kuugwira ndi mapini. Magetsi atamuwalira, msana unawongoka wokha, zaka zinayoyoka. Mtolankhani, mtsikana waulemu, anafunsa:

"Agogo, gule ameneyu anakuphunzitsani ndani?"

"Palibe, mwanangu. Izi n'zobadwa nazo. Ndinali wosoka nsapato pakhonde la kanema, ndinkasuzumira pakhomo, miyendo n'kugwira yokha. Ndinadziphunzitsa, kenako ndinaphunzitsa mnzanga amene ndinkavina naye." Apa mawu ananjenjemera, anapukuta diso ndi chala. "Mkazi ameneyo ankavina ngati nthenga. Wina wotero sindinamuonenso."

Tochi anali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu. Bambo wa kamera anamukodola, n'kunong'ona: "Amayi, tasunthirani uko pang'ono, mukuoneka."

Anasuntha.

Alendo atapita, Tochi anawerama n'kuyamba kumasula mapini aja. Anafunsa modekha, osakweza mutu.

"Zobadwa nazo?"

"Aa, mayi, anthu amafuna nkhani yokoma. Ndikanati chiyani, kuti ndinaphunzira kwa wosesa? Ikanakhala nkhani imeneyo?"

Mwana wawo, amene ankabwezeretsa mipando, anacheuka. "Wosesa wake uti?"

"Ine," anatero Tochi. "Bambo akowa ndinawaphunzitsa ndine, kuyambira kaimidwe. Ndi mkazi wa nthengayo yemwe. Diresi limene wavala pa chithunzi cha ku hotela chija ndi langa."

Mwanayo anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe, kunali kwa munthu amene wamva nthabwala kuchokera kumene samayembekezera.

"Inu amayi? Kuvina? Inu amene pa ukwati wanga munakhala pampando tsiku lonse?"

Tochi anaika mapini patebulo. Anavula patapata, n'kuima pakati pa chipinda, pa simenti yozizira. Nyimbo panalibe, anaiimba chamumtima. Mapazi anakumbukira zonse, anayamba kuyenda mofulumira kuposa mmene thupi lolemeralo linkayenera, ndipo kwa kanthawi mwanayo anasiya kuseka. Koma pofika potembenuka bondo lamanzere linakana, linapindika lokha, ndipo akanagwera pa kabati mwanayo akanapanda kumuwakha.

"Basi amayi, basi, mungathyoke. Ndakhulupirira, khalani pansi." Anatero ndi mawu amene ankatonthozera ana a kalasi yoyamba.

Chidendene, ali pampando wake, anapukusa mutu.

"Mumachedwa potembenuka, mayi. Kuyambira kale."

Tochi anatola patapata zake n'kupita kukatereka madzi osamba a wodwala, chifukwa nthawi yake inali itakwana.

Pulogalamu itaonetsedwa, pakhomo panayamba kufika alendo: madala amene ankavina nawo kale, achinyamata ofuna kujambulitsa naye, ngakhale mlamu uja, amene tsopano ankabwera Lamlungu lililonse n'kumauza aliyense kuti luso limeneli ndi la kumtundu kwawo. Onsewo ankamwa tiyi, ndipo makapu ankatsuka ndi Tochi. Chidendene anakhala masiku ake otsiriza ali wosangalala. Shuga itafika ku impso anabwerera ku chipatala, ndipo Tochi ankagona pansi pafupi ndi bedi lake, ngati akazi ena onse a m'wodimo. Tsiku lina anamukodola kuti asendere. Tochi anasendera, khutu pafupi ndi milomo youmayo.

"Suti ija," ananong'ona, "musapatse wina kuti asite."

Anamuika m'manda atavala suti yomweyo. Olankhula pa maliro anatamanda munthu amene anadziphunzitsa yekha, wochokera pa benchi la nsapato mpaka pa wailesi ya kanema. Mmodzi anakumbukiranso kuthokoza mayi wopirira amene anasamala katswiriyu, ndipo anthu anang'ung'udza movomereza. Wa taipi uja sanabwere.

Posakhalitsa Tochi anasiya ntchito ku shopu, mawondo atakaniratu. Mwana anafunsa ngati achotse wailesi ya kanema ija, poti inkangowasokosa. Tochi anati aisiye, ikuphimba pamene penti inasupuka. Masana ena ankatseka chitseko n'kuyatsa, mawu atatsitsa, ndipo akamva munthu akubwera ankazimitsa.

Patapita miyezi kunagogoda achinyamata awiri a m'dera lomwelo, mnyamata wokonza mafoni ndi chibwenzi chake, mtsikana wophunzira unamwino. Anali ataonera pulogalamu ija, kenako n'kufunafuna mafilimu akalewo, ndipo anawalowa m'magazi. Ankafuna kuti pa ukwati wawo adzavine gule wa suti ndi diresi lalitali.

"Agogo, mwina malemu anakusiyiraniko kenakake," anatero mtsikanayo. "Munkawaona akuyeserera. Ngakhale poyambira pokha, zina tidzalimbana nazo tokha."

Tochi anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Anali ndi msana wowongoka ndi akakolo olimba, ndipo ankaima ngati munthu amene nyimbo ili kale m'thupi. Uyu akanagwira msanga. Mnyamatayo maso ake anali pa chithunzi cha Chidendene chimene mwana anapachika pakhoma.

"Ine za gule sindizidziwa, ana anga," anatero Tochi. "Ine ndinkangosita."

Anathokoza mwaulemu n'kutuluka. Pawindo Tochi anawaona ataima pamsewu, akuyesa okha potengera za pafoni, mnyamata akuyamba ndi mwendo wolakwika. Anagwira chotsegulira windo, anakhala choncho kanthawi, kenako anakoka katani.

Khadi la ukwati anamutumizira, koma sanapite, anati mawondo. Anamva kwa oyandikana nawo kuti awiriwo anavina moipa, anapondana, mkwati anatsala pang'ono kumugwetsa mkwatibwi, holo yonse inaseka, ndipo eni akewo anaseka kuposa onse mpaka kukhala pansi atagwirana. Nkhani imeneyo inamusowetsa mtendere masiku ambiri, ndipo analibe woti amuuze chifukwa chake.